Laputopu yanga ikuyenda ngati birimankhwe, ndikaifomatitse?

NaBanda (Khombedza): Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi vuto, ndikudziwa kuti muno muli odziwa za makompyuta. Laputopu yanga ndinaigula kwa mlamu wanga amene anabwera nayo kuchokera ku Joni mu 2019, inali yogwiritsidwapo kale ntchito koma inkathamanga bwino. Kuyambira mwezi wathawu zinthu zasintha. Ndikaiyatsa m'mawa ndimatha kutereka madzi, kusesa pabwalo, pobwera n'kupeza ikadazungulirabe. Ndikamalemba mayeso a ana, chilembo chimatuluka ine nditadina kalekale. Pansipa ikutentha zedi, fani ikulira ngati chigayo. Mnyamata wina pamsika wati ndingopita nayo akaifomate. Kodi ndipite? Muli mayeso a Sitandade 7 amene ndakhala ndikusonkhanitsa zaka zinayi, mabuku a banki m'khonde yathu, ndi zithunzi za ana anga.

Che Saidi (Senga Bay): Amayi musapite kaye. Chonde. Ndili kudoko pano tikuwerenga usipa, ndikafika kunyumba ndikufotokozerani zimene zinandionekera ine.

Yohane wa pa Kamuzu Road: Amayi, ine ntchito yanga ndi yomweyi ya mafoni ndi makompyuta, ndipo kufomata ndimadyerapo. Koma ndikuuzeni chilungamo, kufomata, kumene ndi kupukuta disiki n'kuikamo Windows mwatsopano, si mankhwala a matenda onse. Zili ngati munthu wadandaula mutu, inu osamuyeza magazi n'kumupatsa LA. Mwina ndi malungodi, mwina ayi. Tiyeni tiiyeze kaye. Ili pafupi?

NaBanda (Khombedza): Ili pompano achimwene, yayaka tsopano.

Yohane wa pa Kamuzu Road: Dinani mabatani atatu awa nthawi imodzi: Ctrl, Shift ndi Esc. Patuluka kawindo kolembedwa Task Manager. Kakatuluka kakang'ono, dinani pansi pomwe alemba More details. Kenako pitani pa Performance. Kumanzere muona CPU, Memory ndi Disk. Mundiwerengere manambala ali pamenepo, osatsegula china chilichonse.

NaBanda (Khombedza): Yatenga nthawi koma yatseguka. CPU ikusinthasintha, pena 15 pena 30. Memory alemba 3.4/3.9 GB. Disk alemba 100% ndipo sikutsika, pambali pake pali HDD. Windows yake ndi 10.

Yohane wa pa Kamuzu Road: Basi matenda ayamba kuoneka. Ndifotokoze motere kuti ndi ena omwe apindule. Memory ija, imene timati RAM, ili ngati lichero limene mukupetera. Hard disk ili ngati nkhokwe. Chimene mukugwira panopo chimakhala m'lichero, zina zonse zimakhala m'nkhokwe. Lichero lanu ndi la 4 GB, ndipo ladzaza kale inu musanayambe n'komwe ntchito. Ndiye mukatsegula Word, kompyuta imayenera kuchotsa zina m'lichero kukasiya kunkhokwe, kutenga zina kubwera nazo, kubwereranso, osapuma. Tsono nkhokwe yanuyo ndi yamtundu wakale, HDD. M'kati mwake muli kambale kamene kamazungulira, m'malaputopu ambiri maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kamkono kamene kamasakasaka pomwe pali fayilo. Kamkono n'kamodzi, ofuna kutumikiridwa ndi ambiri. 100% ija ndi mzere wa anthu odikira pampopi umodzi.

Funso ndi lakuti, ndani akudzaza lichero m'mamawa inu musanamuitane? Pa Task Manager yomweyo pitani pomwe alemba Startup. Muwerenge mayina onse amene pambali pawo alemba Enabled.

NaBanda (Khombedza): Eee, alipo 17. Ena sindikuwadziwa n'komwe. Pali Skype, Teams, Spotify, china cha Adobe, ma antivirus awiri, china chotchedwa booster, china cha masewera, china chodawunilodera mafilimu.

Yohane wa pa Kamuzu Road: Onsewo amadzuka nanu limodzi ndipo aliyense amatenga malo m'lichero. Dinani pa dzina lililonse limene simuligwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, kenako Disable. Musaope, sikufufuta kumeneko, pulogalamuyo ikhalapobe, kungoti izidikira kuti muitsegule nokha. Musiye Windows Security, ndi chilichonse chokhudza mawu kapena touchpad, monga cholembedwa Realtek kapena Synaptics.

Tiyamike: Anti, ndiwonjezereko pang'ono. Mukamaliza zimenezo musadine Shut down, mudine Restart. Ambiri sadziwa kuti pa Windows 10 pali chinthu chotchedwa Fast Startup. Mukadina Shut down, kompyuta imasunga mbali ina ya mmene inalili n'kudzayambira pomwepo mawa, ndi zosokonekera zake zomwe. Restart ndiye amayambitsa zonse mwatsopano. Pa Performance paja, mukadina CPU, pansi pali Up time. Muone yalemba masiku angati.

NaBanda (Khombedza): Iii mwanawe, yalemba 41 koyambirira. Koma ine ndimathimitsa usiku uliwonse.

Tiyamike: Ndi zomwezo anti. Kwa iyo, masiku 41 sinapumeko mokwanira. Muzipanga Restart kamodzi pa sabata.

Bambo Mbewe (Chipoka): Ndawerenga zonse. Anyamata mukukamba zam'kati, koma ine khutu langa lagwira pa mawu awiri amene amayi anena: kutentha ndi kulira kwa fani. Ine ndili ndi kashopu kosindikiza ndi kufotokopa, makompyuta awiri aakulu a patebulo. Chaka chilichonse mwera ukangodutsa, cha mu Ogasiti, ndimawatsegula. Zimene ndimapezamo mungadabwe. Fumbi limachita kulukana ngati bulangeti pa zitsulo zoziziritsa zija. Chaka china ndinapeza nyerere zamanga m'kati mwa power supply, kabokosi kogawa magetsi mu kompyuta, ndi mazira omwe. Kuno kwathu kunyanja sikufanana ndi ku Dedza. Fumbi la chilimwe, kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, kenako chinyezi cha dzinja chimene chimamata fumbi lija kukhala ngati thope. Kompyuta imene ku Ulaya ingakhale zaka zitatu osatsegulidwa, kuno chaka chimodzi yatsamwa.

Yohane wa pa Kamuzu Road: Madala anena zoona, ndipo ndinali kubwera komweko. Purosesa, CPU ija imene ili ngati ubongo wa kompyuta, ikatentha kufika cha m'ma 90 mpaka 100 digiri, imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Ndiye munthu amaona ngati ndi vayirasi, amafomata, mawa lake vuto lomwe lija. Amayi, mumaiika pati mukamagwira ntchito?

NaBanda (Khombedza): Kawirikawiri pabedi, kapena pamiyendo nditayala chitenje chifukwa imawotcha.

Yohane wa pa Kamuzu Road: Pamenepo ndiye mukuitseka mphuno. Itembenuzeni muone pansi, pali timabowo tolowera mpweya, ndipo m'mbali kapena kumbuyo muli potulukira. Bedi, pilo, chitenje, zonsezi zimatseka timabowoto komanso zimapereka ulusi umene fani imakoka. Muziika patebulo kapena pathabwa losalala. Tengani zitsekerero ziwiri za mabotolo a pulasitiki muike kumakona akumbuyo kuti inyamuke pang'ono, mpweya uzidutsa pansi.

Bambo Mbewe (Chipoka): Pochotsa fumbi ine ndimagwiritsa ntchito pampu ya njinga ndi kaburashi kofewa kopentera. Panja, pamthunzi, nditazula chingwe cha magetsi.

Gift M.: Ine ndimangopemerera ndi pakamwa, imayera bwinobwino.

Yohane wa pa Kamuzu Road: Ayi ase, mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi ndi timalovu, ndipo fumbilo likubwerera m'chifuwa mwako. Pampu ya madala ili bwino. Chinthu chimodzi chokha: popopa, gwirani fani ndi kamtengo ka machesi kuti isazungulire. Ikazungulira mopitirira muyeso ndi mphepo ya pampu imatha kuwonongeka. Kwa amayi, sindikulangizani kutsegula laputopu nokha ngati simunatsegulepo. Muli timaliboni topyapyala timene timaduka msanga. Popani pang'onopang'ono pa timabowo ili yothimitsa. Ngati ikutenthabe, ifunika kutsegulidwa ndi munthu wodziwa, achotse fumbi la m'kati ndi kusintha thermal paste, kaphala kotuwa kamene kamakhala pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsa. Pakapita zaka kamauma ngati dothi, kutentha sikudutsanso bwino.

Che Saidi (Senga Bay): Ndafika tsopano. Pepani ndilemba zambiri.

Mu 2021 laputopu yanga inayamba chimodzimodzi. Ndinapita nayo kwa mnyamata wina, sinditchula malo, ndinamuuza kuti ikuchedwa. Anati mubwere madzulo. Sanandifunse kuti muli chiyani, inenso sindinaganize zonena, ndinkayesa kuti kukonza kompyuta kuli ngati kukonza njinga, katundu wako amakhala pomwepo. Madzulo ndinaipeza ikuthamanga ndithu, pasikirini pali chithunzi chokongola. Ndinalipira, ndinathokoza. Kufika kunyumba ndikufuna foda ya zithunzi, palibe. Ndikufuna buku la ngongole za amayi ogula usipa, palibe. Anali atapukuta disiki yonse, ndi mbali ya D yomwe kumene ndinkasunga zinthu.

Za ngongolezo tinakambirana ndi eni ake, ena anavomera, ena anakana, ndalama zimabwera n'kupita. Koma munali zithunzi za mayi anga. Anamwalira mu 2020. Zithunzi za pa ukwati wa mwana wanga wamkazi, iwo atakhala pamkeka atanyamula mdzukulu wawo, ndi kavidiyo kakafupi akuimba nyimbo ya Chiyao imene ankatiimbira tili ana. Foni imene ndinajambulira inali itagwera kale m'nyanja, choncho zinatsala pa laputopu pokha. Lero adzukulu akafunsa kuti anganga ankaoneka bwanji, ndili ndi kachithunzi kamodzi ka pachitupa.

Mnyamatayo sindimusungira mangawa, anachita zimene anazolowera. Koma amayi, musanapereke makinawo kwa munthu aliyense, ngakhale kwa Yohane amene, koperani zinthu zanu pena.

NaBanda (Khombedza): Pepani kwambiri Che Saidi. Mtima wanga wawawa. Mulungu akutonthozeni.

Bambo Mbewe (Chipoka): Pepani achimwene.

Yohane wa pa Kamuzu Road: Pepani madala. Ndipo mwanena bwino, ngakhale kwa ine amene. Ine ndinayenera kuyamba ndi mawu amenewa ndisanatchule Task Manager. Amayi, imani kaye pa zonse tanenazi. Usiku uno ntchito ndi imodzi, kukopera. Muli ndi fulashi?

NaBanda (Khombedza): Ndili nayo ya 16 GB, koma ndi imene ndimapita nayo kokasindikiza mayeso. Nthawi zina ndikabwera nayo mafoda onse amasanduka timivi, osatseguka.

Tiyamike: Imeneyo ndi shortcut virus, yafala kwambiri m'malo osindikizira ndi m'masukulu. Mafayilo sikuti amafufutika, amangobisika, ndipo mukadina kamuvi kaja ndi pamene vayirasi imalowa mu kompyuta yanu. Musamadine. Pali lamulo lowabwezeretsa pa Command Prompt, kawindo kolembamo malamulo, loyamba ndi mawu akuti attrib, ndikutumizirani kumbali kuti musalakwitse chilembo.

Bambo Mbewe (Chipoka): Monga mwini malo osindikizira ndivomere, fulashi imene imalowa m'makompyuta a anthu ambiri siyenera kukhala nkhokwe yanu. Pa tsiku m'makina mwanga mumalowa mafulashi ochuluka, ndimayesetsa kusesa koma sindingalumbire. Khalani ndi awiri. Ina yoyenda nayo, ina yokhala m'sutikesi. Ndipo masiku ano ambiri amangonditumizira PDF pa WhatsApp, n'zabwino kwa tonse, komanso zolemba sizisokonekera mizere.

Tiyamike: Komanso anti, ngati muli ndi Gmail muli kale ndi malo a 15 GB aulere pa Google Drive. Mayeso a Word ndi mabuku a Excel ndi tinthu topepuka, ambiri safika ndi 1 MB yomwe. Mayeso anu onse a zaka zinayi akhoza kukwera ndi kabandulo kakang'ono. Zithunzi ndi mavidiyo ndiye zimadya, zimenezo sankhani zofunika kwambiri, mukweze ndi bandulo ya usiku.

NaBanda (Khombedza): Mwamuna wanga ali ndi fulashi yatsopano ya 32 GB imene sanaigwiritsepo ntchito. Ndabwereka imeneyo. Ndayamba ndi zithunzi.

Gift M.: Koma pa nkhani ya ma antivirus awiri aja, ine ndikuona ngati ndi bwino. Alonda awiri amaposa mmodzi.

Yohane wa pa Kamuzu Road: Pa kompyuta sizitero. Aliyense amafuna kufufuza fayilo iliyonse imene ikutsegulidwa, ndiye fayilo imodzi ikufufuzidwa kawiri pa disiki imene yatopa kale, ndipo nthawi zina amayamba kulimbana okhaokha. Choipa kwambiri n'chakuti ambiri mwa amene ndimawapeza m'malaputopu ochokera kunja anatha nthawi kalekale. Amangotulutsa uthenga woti lipirani, osateteza kanthu. Windows 10 ili ndi wake kale, Microsoft Defender, ndipo mukachotsa enawo amadzuka yekha. Amayi, mukamaliza kukopera mupite ku Settings, Apps, muchotse onse awiri, muchotsenso booster uja. Mapulogalamu olonjeza kuthamangitsa kompyuta sindinaonepo amene anathandiza munthu, amangowonjezera katundu pamutu.

Gift M.: Defender ndi wofooka bwana. Ine anandiphonyera vayirasi ya pafulashi.

Yohane wa pa Kamuzu Road: Unamupatsa liti ma update?

Gift M.: Ndinatseka ma update onse, amandithera bandulo.

Yohane wa pa Kamuzu Road: Ndiye vuto lili pamenepo. Mlonda amadziwa akuba amene anauzidwa maonekedwe awo. Ukamutsekera nkhani kwa chaka, akuba atsopano amadutsa akumupatsa moni. Za bandulo ndikumvetsa, tonse timalira nazo. Njira yake ndi iyi: ukalumikiza hotspot ya foni, pita pa Properties za Wi-Fi imeneyo uyatse Metered connection. Windows imasiya kukoka zinthu zikuluzikulu mwakachetechete. Kenako kamodzi pa sabata tsegula Windows Security upange update ya Defender yekha, siidya zambiri. Zikuluzikuluzo uzichita ukapeza Wi-Fi kapena bandulo ya usiku.

Tiyamike: Pamenepa pali nkhani ina imene tisaibise. Microsoft inasiya kutumiza zigamba za chitetezo za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene analembetsa ndondomeko yowonjezera nthawi yotchedwa ESU. Windows 7 ndiye inasiyidwa kale mu Januwale 2020. Windows 11 imafuna katchipisi ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, kwa Intel kuyambira m'badwo wa 8. Malaputopu ambiri amene tili nawo kuno sakwanitsa. Ine yanga ndinaikamo Linux Mint m'malo mwa Windows, ndi yaulere, yopepuka, ndipo mavayirasi a pafulashi aja sagwirako. Ndimalemba ndi LibreOffice m'malo mwa Word.

Bambo Mbewe (Chipoka): Mwana wanga, zimenezo n'zabwino kwa iwe wophunzira. Amayiwa ali ndi mayeso odzaza matebulo ndi zithunzi za masamu, anawakonza mu Word. Ine ndimalandira mafayilo opangidwa ndi LibreOffice, ena amatseguka bwino, ena mizere imathawa. Ndiye pali nkhani ya printer, si onse amene amangogwira. Tisamusenzetse munthu sukulu yatsopano pakati pa teremu.

Tiyamike: Ndamva madala. Koma tsiku lina adzafunika kusankha ndithu.

Yohane wa pa Kamuzu Road: Nonse mukunena zoona. Nkhani imeneyo tidzaikambe patchuthi, ikufunika nthawi yakeyake. Pakali pano kompyuta ya Windows 10 sinasiye kugwira ntchito, kungoti kusamala kuchuluke: osadina maulalo achilendo, osaika mapulogalamu otengedwa paliponse.

NaBanda (Khombedza): Kukopera kwatha, kwatenga maola awiri ndi theka. Ndatsegula mafoda angapo pafulashi kuti nditsimikize, zithunzi zikuoneka. Mayeso ndi mabuku a banki ndaikanso pa Drive, mwana wanga wandithandiza. Chinanso ndaona, pa This PC kamzere ka C n'kofiira.

Yohane wa pa Kamuzu Road: Mwachita bwino kutsegula n'kuona, ambiri amangokhulupirira. Kufiirako kukutanthauza kuti malo otsala sakufika 10 peresenti. Windows imafuna malo opumira, makamaka poti RAM yanu ndi yochepa ndipo imabwereka malo pa disiki. Lembani Disk Cleanup pofufuzira paja, musankhe C, mudinenso Clean up system files. Muchonge Temporary files, Recycle Bin ndi Windows Update Cleanup. Ngati pali Downloads pamndandandawo musachonge, mukaone nokha zimene zili m'menemo. Kenako muyang'ane foda ya Videos.

NaBanda (Khombedza): Ndapeza. Ana adzazamo mafilimu a ku Nigeria ndi a karate, 140 GB. Palinso mavidiyo a kwaya yathu, amenewo ndisunga. Enawa tikambirana mawa pakhomo pano.

Mai a Chisomo (Lifuwu): Ndakhala ndikungowerenga. Funso langa ndi la magetsi. Yanga batire inafa, imagwira ili pachaja basi. Magetsi akangothima nayo imathima pomwepo. Kodi zimenezi zimawononga?

Yohane wa pa Kamuzu Road: Zimawononga mayi, makamaka ngati muli HDD. Magetsi akaduka disiki ili pakati polemba, fayilo imatsala yosamalizidwa, ndipo zikachitika kawirikawiri Windows imayamba kusokonekera. Batire ya laputopu ndiye chitetezo chake, choncho kugula ina si kuwononga ndalama. Muonenso ngati yakaleyo yafufuma, chizindikiro chake touchpad imatukuka kapena chivundikiro chapansi sichitsekeka bwino. Yotero ichotsedwe msanga, ndi yoopsa, imatha kuyaka. Kwa a makompyuta a patebulo, UPS, kabokosi ka batire kamene kamapereka magetsi kwa kanthawi akathima. Ndipo mvula yayandikirayi, kukayamba ziphaliwali zulani chaja kukhoma, osangothimitsa switch.

Bambo Mbewe (Chipoka): Magetsi akabwera musathamangire kulumikiza. Ine ndimadikira mphindi zingapo kuti akhazikike. Ndinaphunzira nditapsetsa power supply.

NaBanda (Khombedza): Mwadzuka bwanji nonse. Ndabweranso patapita masiku awiri kuti ndikuuzeni mmene zilili. Ndachita zonse. Startup ndasiya zinthu zitatu, ma antivirus ndi booster ndachotsa, mafilimu apita, ndapopa fumbi ndi pampu ya njinga ya mwana, linatuluka lambiri ndithu. Tsopano ikukhala patebulo pa zitsekerero zake. Fani yachepetsa phokoso, Memory ikuyambira pa 2.1. Kuyaka ikutenga mwina mphindi ziwiri, kusiyana ndi kale. Word ikulemba bwino. Zikomo kwambiri nonse. Koma pali chimodzi. Nthawi zina imangouma kwa kanthawi, Disk n'kubwerera pa 100%, ndipo ndikatchera khutu ndimamva kaphokoso kakuti ke, ke, ke cha kumanja kwa touchpad.

Yohane wa pa Kamuzu Road: Kaphokoso kameneko sindikukakonda. Dawunilodani kapulogalamu kaulere kotchedwa CrystalDiskInfo, n'kakang'ono. Kamawerenga zimene disiki imalemba yokha zokhudza thanzi lake. Mukakatsegula kaonetsa Good mobiriwira ngati mtambo, Caution mwachikasu, kapena Bad mofiira.

NaBanda (Khombedza): Chikasu achimwene. Caution. Pansi pali mzere wolembedwa Reallocated Sectors Count, nawonso uli ndi kadontho kachikasu.

Yohane wa pa Kamuzu Road: Ndiye disiki yayamba kutha. Pa kambale kaja pali malo amene awonongeka, ndipo disiki ikusamutsa zinthu kupita kumalo osungira apadera. Kuuma kuja ndi pamene ikuyesa mobwerezabwereza kuwerenga malo ovuta. Ikhoza kukhala miyezi, ikhoza kufa sabata yamawa, palibe angakuuzeni tsiku. Mukanafomata, ikanaoneka ngati yachira kwa masabata angapo, kenako n'kudzafa ndi zonse zimene mwabwezeramo.

Mankhwala ake ndi SSD. Ilibe kambale kapena kamkono, ndi tchipisi tokhatokha ngati fulashi yaikulu. Ya mtundu wa SATA, ya mainchesi 2.5, imalowa malo omwewo a disiki yakale. Imawerenga cha m'ma 500 MB pa sekondi pamene HDD ya laputopu imavutika kufika cha m'ma 100, ndipo pa timafayilo ting'onoting'ono kusiyana n'kwakukulu kuposa pamenepo. Pa ntchito yanu 256 GB ikukwana. Pa zonse zimene munthu angagulire laputopu yakale, palibe chimene chimasintha liwiro ngati chimenechi. Ikalowa SSD musadzapange defragment, kusanjanso mafayilo pa disiki, ndi mapulogalamu apadera, Windows imadziwa yokha kuisamalira.

NaBanda (Khombedza): Mtengo wake ndi wotani?

Yohane wa pa Kamuzu Road: Sindikufuna kutchula nambala pano n'kudzanama, chifukwa chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zinthu zochokera kunja sikhazikika. Ndifunsa kumene ndimaoda ku Lilongwe ndikuuzeni kumbali, inunso mufunse kwina kuti muyerekeze. Chachikulu, gulani yatsopano yomata m'paketi, ya dzina lodziwika. Ndalama ikatsalako, RAM ina ya 4 GB. Pa Task Manager, pa Memory, muone pomwe alemba Slots used. Ikakhala 1 of 2 ndiye kuti malo alipo. Koma osagula musanadziwe mtundu, DDR3 ndi DDR4 sizilowana, kamphako kake kali malo osiyana.

NaBanda (Khombedza): Alemba 1 of 2. Banki yathu tigawana mu Disembala, ndidikira pamenepo. Pakali pano ndichite bwanji?

Yohane wa pa Kamuzu Road: Gwiritsani ntchito, koma chilichonse chimene mwalemba tsikulo chikwere pa Drive kapena pafulashi musanagone. Osainyamula ili yoyaka, osaigwedeza, ndipo pakabaza iziyenda yothimitsa, yokulungidwa bwino m'chikwama.

Bambo Mbewe (Chipoka): Mabuku a banki musindikizenso papepala mwezi uno, amayi. Ndalama za anthu zisadalire disiki yodwala.

NaBanda (Khombedza): Zoona madala, ndichita Lachisanu.

Che Saidi (Senga Bay): Yohane, ndifunse. Ndakhala ndikuganiza chiwerengereni za disikizi. Yanga ija, imene inapukutidwa mu 2021, ndinagwiritsa ntchito mwina miyezi isanu, kenako laputopu inafa bolodi. Mwana wanga anachotsa disikiyo n'kundipatsa. Kodi m'menemo mungakhalebe kanthu?

Yohane wa pa Kamuzu Road: Madala, sindikufuna kukupatsani chiyembekezo chabodza. Kufomata kwachangu sikupukuta zithunzi zenizenizo, kumangofufuta kaundula wa pomwe zili. Zimatsala pa kambale mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Windows yatsopano ija inalemba pamwamba pa zina, miyezi isanu ija inalembanso pa zina. Koma ngati disikiyo inali yaikulu ndipo simunaidzaze, pakhoza kukhala malo amene sanakhudzidwe. Pali mapulogalamu monga PhotoRec ndi Recuva amene amasesa disiki yonse kufunafuna zotsala. Zimatuluka zopanda mayina, zosakanikirana, zina zoduka pakati. Mavidiyo ndiye amavuta kuposa zithunzi. Mwina tipeza zambiri, mwina khumi, mwina osapeza kanthu. Musailumikize pa kompyuta iliyonse, musalole munthu kuikamo kanthu. Mubwere nayo mmene ililimo, ndi fulashi yopanda kanthu. Ndiisiya ikusesa usiku wonse, ndipo sindikulipiritsani.

Che Saidi (Senga Bay): Ili m'sutikesi, ndinaikulunga m'kansalu ka mayi. Ndibwera nayo Loweruka m'mawa, ndikangochoka kudoko.